Mwini, Mboni ndi Chidindo: Mau a Chichewa pa Nkhani ya Umwini wa Malo m'Mapulazi a ku Mashonaland

Malamulo aakulu oyendetsera dziko la Zimbabwe, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2013, amatchula m'gawo 6 zinenero 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo pa mndandanda umenewo Chichewa ndicho chiri patsogolo. Kutsogolaku si ulemu wapadera ai, pakuti maina anangondandalikidwa motsata alifabeti. Komabe gawo lomwelo limalamula boma kuti lizisamala zinenero zonsezi mosakondera, ndi kuti pochita zinthu liziganizira chinenero cha anthu amene zinthuzo zikuwakhudza. Tsono funso la nkhani ino ndi ili: munthu wolankhula Chichewa akaima pamaso pa loya kapena pamaso pa wolumbiritsa anthu ku Chinhoyi, ku Bindura kapena ku Marondera, pa nkhani ya munda kapena ya nyumba, kodi mau amene womasulira ali nao pakamwa amanena chimene lamulo likunena? Ife tikuona kuti nthawi zambiri sanena chimenecho, ndipo vutolo silichokera ku kusowa kwa mau monga ambiri amaganizira. Mau alipo, ndipo ndi okhwima. Koma anakhwimira pa bwalo lina, pamene umwini umasungidwa m'mitima ya anthu ndi m'chibale chao, pomwe lamulo la ku Zimbabwe limausunga m'kaundula. Ziganizo zonse zimene tapereka ngati zitsanzo tazipanga tokha, kuti zionetse kayendedwe ka chinenero.

Anthu ake

Olankhula Chichewa a ku Mashonaland ambiri ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia. Ena anatengedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba m'chaka cha 1903 ndipo ntchito yake anthu ankaitcha chibalo. Ena anakwera magalimoto a Ulere, amene boma la Rhodesia linayamba kuyendetsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Ena analembetsa ku Mthandizi, dzina limene Amalawi anapatsa bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission la 1946. Ndipo ambiri anangoyenda pansi, kuoloka Zambezi, nalowera ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Amene sanabwerere kwao anatchedwa machona, ndipo komiti ya Lacey ya 1935 inadandaula kale za midzi ya ku Nyasaland imene inatsala yopanda amuna.

Minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga ya ku Karoi, Banket, Trelawney, Mvurwi, Centenary ndi Macheke, imene m'Chishona amati "mapurazi" ndipo ife tiitcha mapulazi, inali m'dera limene lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatula kuti likhale la Azungu okha, pafupifupi theka la dziko lonse. Wantchito ankakhala mu komboni. Nyumba, chitsime, kamunda kolimamo chimanga, ngakhale malo a manda ndi dambwe la gule, zonse zinali pa nthaka ya bwana ndipo zinkatha tsiku limene ntchito yatha. Blair Rutherford, amene anafufuza moyo wa m'mapulazi a ku Hurungwe m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti mlimi ndiye anali boma, khoti ndi mfumu ya pa komboni. Mshona wogwira ntchito pa pulazi anali ndi "kumusha" kobwerera. Mtchona analibe, kwao kunatsala m'nkhani za makolo, ndipo kumene anabadwira kunali kwa eni.

Mwini

Liu loti "mwini", limene kuchulukitsa kwake ndi "eni", ndilo limabwera msanga pakamwa pa womasulira aliyense akamva liu la Chingerezi loti "owner". Taonani m'mene limagwirira ntchito:

(1) mwini nkhuku, mwini munda, mwini mudzi, mwini dziko, mwini mbumba, mwini mzinda, mwini maliro, mwini mlandu

Pa anthu onsewa, amene angagulitse chinthu chake popanda kufunsa wina ndi woyamba yekha. Mwini mbumba sagulitsa alongo ake. Amawayang'anira, amawaimira pa mlandu, ndipo iwo akalakwa ndiye amalipa. Mwini mudzi sagulitsa mudzi, mwini mzinda sagulitsa gule, ndipo mwini maliro ndi munthu amene malirowo amgwera. Ngakhale m'galamala ya kusukulu timati "mwininkhani" ponena dzina limene chiganizo chikukamba za ilo. Chotero tsinde la tanthauzo la liu limeneli si mphamvu yogulitsa kapena kutaya chinthu, koma kukhala munthu amene chinthucho chimaloza kwa iye, amene amafunsidwa za icho ndi kuyankha. Nchifukwa chake liu lomweli limatsindika munthu, monga tikamati "iye mwini" kapena "eni ake afika".

Chotsatira chake ndi chakuti munda umodzi ukhoza kukhala ndi eni atatu pa nthawi imodzi, popanda wina kunama. Mfumu ndi mwini wake chifukwa ndiye anagawa malowo. Mbumba ndi eni ake chifukwa mundawo sutuluka m'banja lao. Ndipo mai amene amalimamo chaka ndi chaka ndi mwini wake chifukwa chimanga cha m'menemo chimalowa m'nkhokwe yake. Yekhayo amene sangatchedwe mwini ndi mkamwini, ngakhale atakhala kuti ndiye anazula zitsa zonse. Sitifuna kukokera fanizo limeneli patali, koma wantchito wa pa pulazi anali ngati mkamwini wopanda tsiku lotengera mkazi kwao: thukuta lake linali m'nthaka, dzina lake silinalimo.

Lamulo la ku Zimbabwe la zinthu ngati izi ndi la Chiroma ndi Chidatchi, limene linalowa m'dzikomo monga linaliri ku Cape of Good Hope pa 10 Juni 1891. M'lamulo limeneli umwini wa nthaka, umene m'Chilatini amati "dominium", sukhala wosanjikizana monga taonera pamwambapa. Uli ndi munthu amene dzina lake lalembedwa mu ofesi ya Deeds Registry, ku Harare kapena ku Bulawayo, ndipo lamulo la Deeds Registries Act limanena kuti umwini wa nthaka umachoka kwa munthu wina kupita kwa wina pokhapokha chikalata chosinthira umwini chitalembetsedwa pamaso pa mkulu wa ofesiyo. Kulipira ndalama zonse, kulandira makiyi, kulima zaka makumi awiri, kuika makolo m'nthakayo, palibe chimodzi mwa izi chimene pachokha chimalowetsa dzina la munthu m'kaundula. Tsono womasulira akafunsa mai wa pa komboni kuti, "Kodi ndinu mwini munda umenewu?" maiyo adzayankha kuti inde, ndipo m'Chichewa wanena zoona. Koma mlembi akalemba yankholo m'Chingerezi m'pepala la lumbiro, maiyo walumbira chinthu chimene m'lamulo ndi bodza, iye osadziwa.

Liu loti "umwini" silithandiza kwenikweni. Ndi dzina la chinthu chosakhudzika la m'gulu la U-Ma, ndipo ophunzira amalidziwa bwino kuchokera m'galamala, m'mene timakamba za mlowam'malo waumwini. Koma mlowam'malo ameneyu sasiyanitsa "nkhuku yanga" ndi "mfumu yanga" kapena "dziko langa". Umwini wake ndi wotakata monga wa "mwini" yemwe uja. Maganizo athu ndi akuti pamene lamulo likunena za munthu wolembedwa m'kaundula, womasulira asaope kutalikitsa mau: anene kuti "mwini wolembedwa m'kaundula wa boma", ndipo afunse funso lachiwiri, lakuti, "Kodi dzina lanu linalembedwa ku Harare pa malo amenewa?" Funso limeneli silikoma m'khutu, koma lilibe mayankho awiri.

Aneni ogulitsa ndi opatsa

Pa msintho wa aneni ndi pamene pagona ngozi yaikulu, ndipo ndi pamene akatswiri a zinenero za Chibantu angathandize koposa. Tiyerekeze ziganizo ziwiri izi:

(2) Malume anandigulitsa munda.
(3) Malume anandigulitsira munda.

M'chiganizo (2) wolankhula ndiye wogula. M'chiganizo (3), chimene chiri ndi msintho womchitira, wolankhula si wogula, koma sitingadziwe kuti anakondwa kapena analira. Mwina anatuma malume kuti amgulitsire munda wake. Mwina malume anagulitsa munda wao kuti mphwaoyo apeze ndalama za sukulu. Mwinanso malume anagulitsa munda wa wolankhulayo mwakuba, monga timanenera kuti "anandidyera nsima" kapena "anandiphera galu". Sam Mchombo ndi Alex Alsina analemba zambiri za mphatikiramtsogolo ameneyu m'Chichewa, ndipo kwa katswiri wa galamala kutakata kwa ntchito yake ndi chinthu chosangalatsa. Kwa loya ndi chinthu choopsa, pakuti kusintha umwini wa malo ku Zimbabwe kumadalira chikalata chotchedwa power of attorney, chimene wogulitsa amasaina popatsa loya wa ntchito imeneyi mphamvu yokaimirira m'malo mwake pamaso pa mkulu wa kaundula. Tanthauzo loyamba lokha la chiganizo (3) ndilo limagwirizana ndi chikalata chimenechi. Lachitatu ndi mlandu wa kuba.

Pali chinanso. Olankhula Chichewa a ku Mashonaland amalankhulanso Chishona, ndipo ambiri mwa achinyamata Chishonacho ndicho chimatsogola. M'Chishona "akanditengesera munda" chikhoza kutanthauza kuti wolankhula ndiye wogula. Munthu wa zinenero ziwirizi nkosavuta kuti atenge kaumbidwe ka Chishona nakaveka mau a Chichewa, nanena chiganizo (3) akutanthauza (2). Womasulira amene anaphunzira Chichewa cha ku Lilongwe adzamva kuti munthuyo ndi wogulitsa, pamene iye akunena kuti ndi wogula. Phatikizo limodzi lasinthanitsa mbali ziwiri za pangano.

Msintho wochitidwa nao uli ndi chinsinsi chake:

(4) Ndinapatsidwa malo m'chaka cha 2002.

Chiganizo chimenechi ndi Chichewa chabwino ndi chaulemu, ndipo wochita ntchitoyo sanatchulidwe chifukwa galamala siumiriza kumtchula. Koma lamulo la Gazetted Land Act la 2006 limafunsa chimene chabisikacho. Limanena kuti wokhala pa nthaka imene boma linatenga ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, ndipo zilolezo zake ndi offer letter, permit kapena lizi. Wopanda chimodzi mwa izi akupalamula mlandu. "Kupatsidwa" kumakwirira zonse pamodzi: kalata ya nduna, mau a pakamwa a wapampando wa chipani, chifundo cha mlimi watsopano amene akufuna antchito, kapena kubwerekedwa kwa chaka chimodzi. Msintho wochitidwa m'chibisira umaposa pamenepo, pakuti tikati "malo anapezeka" kapena "munda unagulika", galamala yomwe imakana kuti tionjezere "ndi uje". Wolemba lumbiro ayenera kubweza chiganizo chotere kuti chikhale ndi mwininkhani wochita: anakupatsani ndani, anakupatsani ngati chiani, ndipo anakupatsani pepala lanji.

Za liu la "transfer" sitichedwapo. "Kusamutsa" kumasuntha munthu kapena katundu, pamene nthaka sisuntha. "Kusintha umwini" kwazolowereka, ndipo sitikukutsutsa. Koma "kulembetsa malo m'dzina la wogula" ndiko kumaloza chala pa kaundula, pamene lamulo laika mtima wake.

Chikalata

"Kalata" ndi liu lobwereka ku Chipwitikizi, "carta", ndipo likalowa m'gulu la Chi-Zi limakula ndi kulemera: chikalata ndi pepala la boma, la khoti, la mphamvu. Koma liuli silinena kuti mphamvuyo ndi yotani, ndipo ku Mashonaland mapepala a malo achuluka mitundu kuyambira m'chaka cha 2000, pamene kulanda ndi kugawanso mapulazi kunayamba. Nthawi imeneyo alimi achizungu anali oposa 4,000 ndipo antchito a m'mapulazi anali oposa 300,000. Nthaka inagawidwa m'magulu awiri, A1 ya minda ing'onoing'ono ndi A2 ya minda ya malonda. Olandira anapatsidwa offer letter. M'chaka cha 2006 boma linayamba kupereka lizi ya zaka 99 kwa a A2. M'chaka cha 2014 linakhazikitsa permit ya a A1. Ndipo kumapeto kwa 2024 linayamba kupereka title deed kwa ena mwa ogawiridwawo. Pambali pa izi pali mapepala amene anthu amalemberana okha, pangano logulitsana ndi pepala la lumbiro. Zonsezi m'Chichewa ndi "chikalata cha malo".

Antchito a m'mapulazi amene anagawiridwa nthaka anali ochepa ndithu. Lloyd Sachikonye, pofufuza m'chaka cha 2003, anapeza kuti sanakwane 5 mwa 100 alionse. Ambiri anatsala m'makomboni akale mwa chifundo cha eni atsopano, ena anapita m'midzi yosakhazikika monga Lydiate pafupi ndi Norton, ena anagula timalo kwa mafumu a m'midzi ya Ashona. Kugula kotereku kuli ndi dzina lake, "sabhuku deals". Liu la "sabhuku" ndi loyenera kulilingalira: ndi "sa-" wa Chishona, wonena mwini kapena wosunga, ndi "bhuku", buku la msonkho limene atsamunda anapatsa nyakwawa. Ndiye kuti m'Chishona dzina la mfumu ya mudzi linamangidwa pa kaundula. Koma buku lake ndi la anthu, si la nthaka, ndipo lamulo la Communal Land Act limaika nthaka ya m'midzi m'manja mwa Pulezidenti, ndi kupatsa khonsolo ya dera mphamvu yololeza munthu kukhalapo. Sabhuku alibe choti agulitse.

Tiyerekeze tsono mai wamasiye, wobadwira pa komboni ya ku Banket, amene wasonkhanitsa ndalama za maganyu a fodya nagula kachigawo ka munda wa A1 kwa munthu amene ali ndi permit. Alemberana pangano, apita nalo kwa wolumbiritsa anthu, pepala ladindidwa. Maiyo abwerera ndi chikalata chodinda, ndipo m'chinenero chake chonse palibe liu lomuuza kuti chasowa kanthu. Koma nthakayo ndi ya boma, ndipo wogulitsayo wagulitsa chimene sichinali chake. Ngakhale ukanakhala munda wa title deed, kugulitsa chigawo chake popanda chilolezo chodulira malo ndi koletsedwa ndi gawo 39 la lamulo la Regional, Town and Country Planning Act, ndipo khoti lalikulu la Supreme Court linagamula m'chaka cha 2000, pa mlandu wa X-Trend-A-Home ndi Hoselaw Investments, kuti pangano lotere ndi lopanda mphamvu kuyambira pachiyambi.

Chichewa chiri ndi muyeso wake umene ungathandize kusiyanitsa mapepalawa. Aliyense amadziwa "chikole" ndi "pinyolo", liu lina la ku Chipwitikizi, "penhor". Funso lakuti, "Kodi pepala ili a banki angalilandire ngati chikole?" limamveka kwa munthu amene sanapite kusukulu, ndipo limagawa mapepala pafupifupi m'mene lamulo limawagawira. Kwa zaka zambiri mabanki a ku Zimbabwe ankakana offer letter ngakhalenso lizi ya zaka 99, pa chifukwa chomwechi chakuti sakanatha kugulitsa nthakayo wobwereka akalephera kubweza. Tingathe kunena "chikalata cha umwini" ponena title deed yokha, "kalata yololeza kukhala ndi kulima" ponena permit ndi offer letter, ndi "pangano la pakati pa anthu awiri" ponena mapepala olemberana.

Tisapatse nacho chikalata cha umwini ulemu wopitirira. M'chaka cha 2005 kusintha kwa nambala 17 kwa malamulo aakulu kunaika mapulazi onse olandidwa m'manja mwa boma ndi kutseka makhoti kuti asamve madandaulo a kulandako, ndipo gawo 72 la malamulo a 2013 linasunga zimenezi, nililamula kuti zikalata zakale zifafanizidwe m'kaundula. Mike Campbell wa pulazi la Mount Carmel ku Chegutu anali ndi mapepala onse, ndipo bwalo la SADC ku Windhoek linamuweruzira bwino pa 28 Novembala 2008. Boma linakana chigamulocho, ndipo pulazilo linamchoka. Pangano la 2020 lolipira alimi akale ndalama zokwana madola 3.5 biliyoni a ku America ndi la zomangamanga ndi zina zimene anakonza pa nthakayo, osati la nthaka yeniyeniyo. Pa mkangano wonsewu mbali ziwiri zinali ndi mapepala otsutsana. Antchito a mu komboni sanatchulidwe m'chikalata cha umwini chakale, ndipo sanatchulidwenso mu offer letter yatsopano.

Mboni, nkhoswe ndi wodinda

Lamulo la ku Zimbabwe limasiyanitsa anthu atatu amene kwa munthu wamba onse ndi "odinda mapepala". Commissioner of oaths, amene tamutcha wolumbiritsa, akhoza kukhala loya, wapolisi waudindo kapena munthu wina wosankhidwa. Ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti uje anaonekera pamaso pake nalumbira, kapena kuti pepala ili ndi chithunzi cha lija. Sanena kuti zolumbirazo ndi zoona. Conveyancer ndi loya wovomerezedwa ndi High Court kuti azikonza zikalata zosinthira umwini ndi za pinyolo wa nyumba. Iye ndiye amaonetsetsa kuti msonkho wa khonsolo ndi wa ZIMRA waperekedwa asanapite nazo ku kaundula. Notary public naye ndi loya wovomerezedwa padera, amene amakonza zikalata zina zolemera, monga za lizi yaitali, za njira yodutsa m'munda wa wina ndi za mapangano a chuma anthu asanakwatirane, ndipo amasunga chikalata choyambirira m'buku lake.

"Kudinda" sikusiyanitsa anthu amenewa. Timadinda chala, timadinda chiphaso, timadinda buku ku makina, ndipo chidindo cha wapolisi chimaoneka chaukali kuposa siginecha ya loya. Apa ndi pamene mai wa ku Banket uja ananyengekera, popanda womunyenga: iye anamva kuti boma laona pangano lake ndi kulivomereza, pamene boma linangoona kuti iye walumbira. Womasulira wabwino anene poyera kuti, "Chidindo ichi chikuchitira umboni lumbiro lanu, sichikuchitira umboni malo."

Nanga notary timutche chiani? "Mboni" ndi wochepa, chifukwa mboni imaona nkupita. Ena angaganize za "nkhoswe", ndipo ganizoli si lopusa: nkhoswe imakhalapo pomanga pangano, imalisunga, ndipo zaka zikapita anthu amabwerera kwa iyo kukafunsa chimene anagwirizana. Koma nkhoswe ndi ya mbali imodzi, kuchimuna yao, kuchikazi yao, ndipo mphamvu yake imachokera ku chibale. Notary alibe mbali, ndipo akakhala ndi phindu pa nkhaniyo sayenera kuigwira. Ife tingakonde kuti liuli libwerekedwe monga tinabwerekera "loya" ndi "khoti", ndi kulifotokoza kamodzi kuti ndi loya wotsimikiza ndi kusunga zikalata, kusiyana ndi kuvala nkhoswe chovala chimene si chake.

Pobwereka tiyenera kukumbukira kuti chinenero chimodzichi chimakhala pansi pa miyambo itatu ya malamulo. Ku Malawi ndi ku Zambia maziko ndi lamulo la Chingerezi. Ku Tete ndi ku Niassa ndi la Chipwitikizi, kumene "notário" ndi munthu wamkulu pa mapangano ndipo nthaka yonse ndi ya boma, anthu nkumalandira DUAT motsata lamulo la 1997. Ku Zimbabwe ndi la Chiroma ndi Chidatchi. Lizi ya zaka 99 ku Lusaka ndiyo chikalata chenicheni cha malo, pakuti nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa Pulezidenti; ku Mashonaland lizi ya zaka zomwezo inabwera kudzalowa m'malo mwa chikalata champhamvu kuposa iyo. Ku Lilongwe anthu amadziwa "ndunda", kalembera wa malo a mabanja amene anayamba ndi malamulo a 1967, m'mene munthu mmodzi ankalembedwa moimira banja lonse. Kumeneko lamulo linayesa kuyandikira "mwini" wa Chichewa. Mndandanda wa mau wokonzedwa ku Zomba ndi wothandiza, koma sungangonyamulidwa wonse kupita nao ku Chinhoyi. Ndipo malire amenewa anthu amawaoloka ndi mapepala m'manja: m'bale wa ku Dedza amene akufuna kupatsa wina mphamvu yomuimira pa chuma cha masiye ku Zimbabwe ayenera kusaina pamaso pa munthu wonga notary, malinga ndi malamulo a High Court otsimikizira zikalata zolembedwa kunja. Kalata ya a mfumu, ngakhale yodinda, siikwanira.

Chitupa ndi dzina

Mapepala onsewa amayamba ndi pepala limodzi, limene m'Chishona ndi m'Chichewa chomwe limatchedwa "chitupa". Chikalata cha malo chimafuna dzina lonse la munthu monga liriri pa chitupa. Nambala ya chitupa cha ku Zimbabwe imathera ndi manambala awiri osonyeza dera limene makolo a munthu anachokera, ndipo kwa amene makolo ao anachokera kunja ankalemba 00. Zitupa za ana ambiri a machona zinalembedwanso kuti ndi alendo, ngakhale iwo sanaonepo Malawi. Lamulo la unzika la 2001 linalamula aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kuti akane unzika umenewo m'miyezi 6, apo ai ataya wa Zimbabwe, ndipo ambiri a m'makomboni anautaya osadziwa kuti pali choti akane. Kusintha kwa 2003 kunafewetsako zinthu kwa ana a antchito ochokera m'maiko a SADC, ndipo gawo 43 la malamulo a 2013 linati wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake liri nzika ya dziko la SADC, ndipo iye akukhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Koma unzika wa m'malamulo umafunabe kalata ya kubadwa, ndipo kalatayo imafuna mapepala a makolo kapena mboni zachibale, zimene mdzukulu wa mtchona kawirikawiri alibe. Bungwe la Amnesty International linafotokoza za anthu otere m'lipoti lake la 2021.

Pamenepa kalembedwe ka mau kamasanduka nkhani ya chuma. Kalembedwe ka Chishona kalibe "l", ndipo sikalemba mpumira monga timachitira mu "Phiri" kapena "Nkhoma". Mlembi wozolowera Chishona nkosavuta kuti alembe Piri, Nkoma kapena Mware, ndipo kalaliki wa pa pulazi mwina analemba dzina la ntchito m'malo mwa chiwongo. Bambo akhoza kukhala ndi dzina lina pa chitupa, lina pa khadi la penshoni, ndipo ana ake lina. Lamulo la 1997 losintha kagawidwe ka chuma cha masiye limapatsa mkazi wotsala nyumba imene ankakhalamo, koma iye ayenera kuonetsa kuti mwamuna wa pa pepala ili ndi wa pa pepala lija ndi munthu mmodzi, ndipo amayamba ndi lumbiro lonena zimenezo. Kusintha dzina la makolo kotheratu kumafuna chikalata cha notary, chimene chimalengezedwa mu gazeti ya boma ndi kulembetsedwa ku Deeds Registry, ofesi yomwe ija yosunga zikalata za mapulazi. Mdzukulu wa munthu amene anazula zitsa ku Trelawney, akafuna kubweza "h" m'dzina la agogo ake, dzinalo limalowa mu ofesi imeneyo pa chikalata chopanda nthaka.